Munda wa Kuseri kwa Mpanda

Panali munthu wina, katswiri wofufuza za mbewu, dzina lake Kumwembe. Ankayang'anira malo a kafukufuku wa zaulimi kufupi ndi malire a dziko lake. Sanali waulesi, sanali wakuba, ndipo mowa sankaulawa n'komwe. Izi zimveke poyambirira kuti musathamangire kumuweruza, chifukwa chimene chinamugwetsa si chachilendo pakati pathu pano.

Ntchito ya moyo wake inali chinangwa. Kwa zaka zambiri ankakwatitsa mitundu yosiyanasiyana, kusankha, kutaya, kuyambiranso, mpaka imvi zinayamba kutuluka asanapeze chimene ankafuna. Pomaliza anachipeza. Chinali chinangwa chokhwima msanga, chosawawa, chobereka moti phata limodzi linkadzaza dengu. Alimi sanavutike ndi dzina la manambala limene anachipatsa ku ofesi. Ankangochitchula kuti Kumwembe. Pamsika amayi ankaitanira malonda kuti, "Kumwembe uyu, wozuna!" ndipo mwini dzina akamadutsa pamenepo ankayenda pang'onopang'ono, kunamizira kuyang'ana tomato, kuti amve bwino.

Nthawi imeneyo dziko lake ndi dziko loyandikana nalo anapangana zogwirira ntchito limodzi pa sayansi. Akuluakulu anasainirana, anagwirana chanza, anajambulitsa, nkhani inamveka pa wailesi. Mfundo ya panganolo inali yosavuta: chimene wina wapeza auze mnzake, chimene wina alibe akabwereke kwa mnzake. Tsidya lina la malire kunali malo enanso a kafukufuku, oyang'aniridwa ndi mayi wina dzina lake Alfazema. Kumeneko kunali labotale yokhala ndi makina oyezera matenda obisala m'mbewu, koma kunalibe chinangwa chobereka ngati cha Kumwembe. Kumwembe anali ndi chinangwa, makina analibe. Aliyense ankaona kuti anthu awiriwa akufunana ngati khasu ndi mpini.

Choncho uthenga unafika wakuti Mayi Alfazema ndi anzake akubwera kudzaona ntchito yake.

Alendo asanafike, tsiku lina Kumwembe anatsikira ku munda wakumunsi, umene unali kufupi ndi dambo, n'kukumbako chinangwa choti mkazi wake aphike. Masamba anali obiriwira. Mitengo inali yonenepa. Panalibe chodetsa nkhawa chilichonse. Koma mkazi wake atasenda n'kudula, anamuitana kuchokera kukhitchini.

"Abambo a Yamiko, tabwerani muone. Chinangwa chotchuka chija ndi chimenechi?"

Mkati munali mawanga ofiirira, ouma, olimba ngati khungwa. Kumwembe anatenga khasu n'kubwerera kumunda yekha. Anakumba apa, anakumba apo, akudula chilichonse ndi mpeni. Zambiri zinali chimodzimodzi. Munthuyu anali wophunzira, ndipo mtima wake unamuuza zoona nthawi yomweyo. Awa anali matenda, a mtundu uja woyenda m'mitengo yobzala, umene nthawi zambiri suonekera msanga kumasamba. Kuti atsimikize ankafunika makina, ndipo makinawo anali kwa anthu omwe ankabwerawo.

Mkazi wake anaona mmene nkhope yake inagwera. Anati, "Nanga si alendo anuwo mumati ali ndi makina? Mulungu wakukonderani. Kawaonetseni."

"Inu amayi, mukufuna anthu achokere kutali kudzaona zoola? Akabwerera kwawo akanena chiyani za ife? Akati anthu aja ndi pakamwa chabe. Ndi madzi a kudambo awa. Akapita ndithana nazo ndekha."

Mkazi uja anangotola zodulazo n'kukazitaya kudzala.

Mukudziwa mmene timachitira mlendo akamabwera. Timasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Mbale zong'aluka timazibisa pansi pa bedi, mwana wa chimfine timamutumiza kwa azakhali ake. Umenewo ndi ulemu, ndipo ulemu si tchimo. Kumwembe anangochita zomwezo ndi munda. Udzu unatchetchedwa. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu mpaka kuthobwa m'maso. Ndipo pakati pa munda wakumtunda ndi munda wakumunsi panamangidwa mpanda wa udzu, wautali, wowongoka bwino, moti wodutsa akanaganiza kuti kuseriko kuli bafa.

Alendo anafika. Kunali nyimbo, kunali zolankhula, kunali akuluakulu a boma ovala masuti padzuwa. Mayi Alfazema anali wamfupi, wosachulutsa mawu, wolankhula chinenero chathu chomwechi koma ndi kamvekedwe ka tsidya lina. Anayenda m'munda wakumtunda mzere ndi mzere. Ankagwira masamba, kuwatembenuza, kufunsa mafunso a munthu wodziwa ntchito. Kumwembe anakumba phata limene anali atalisankhiratu, ndipo linatuluka loyera mbee, anthu n'kuwomba m'manja.

Atafika kumapeto kwa munda, mayi uja anaima n'kumuyang'ana.

"Bambo Kumwembe, zabwinozi taziona, ndipo ntchito mwagwira. Nanga chimene chikukusowetsani tulo n'chiyani? M'galimotomu tanyamula zotengera masamba ndi mizu. Ngati pali munda wokayikitsa, titengeko tikayeze kwathu. Paja ndi zomwe tinapangana."

Mpanda uja unali pomwepo, kuseri kwa phewa la mayiyo. Kumwembe ankauona. Ankaonanso akuluakulu a boma akumwetulira, ndi wojambula atalozetsa kamera kwa iye.

"Kuno ndiye tikungothokoza Mulungu, mayi. Zonse zili bwino. Tiyeni, chakudya chikuzizira."

Bodza lake lonse linali lomwelo. Linali lalifupi, laulemu, ndipo palibe amene analimva kuti ndi bodza.

Potsanzikana panabwera china. Kwathu kuno sitilola mlendo kubwerera chimanjamanja, ndipo Kumwembe sakanapereka nkhuku kwa katswiri mnzake pamene dziko lonse linkamudziwa ndi chinangwa. Anali atadula mitolo ya mitengo yobzala kuchokera ku munda wakumtunda. Ankakhulupirira kuti kumtundako matenda sanafike, kapena tinene kuti ankafuna kukhulupirira choncho. Amayi oimba anasenza mitoloyo akuvina mpaka pa galimoto ya alendo.

Mayi Alfazema anazengereza pang'ono. Mbewu yowoloka malire ili ndi malamulo ake. Koma iyi inali mphatso, yoperekedwa pagulu, ndi nthungululu, ndipo kuikana kukanakhala kumumenya mbama mwini mudzi.

Anafunsa motsitsa mawu, "Mitengoyi ndi yabwinobwino, eti?"

"Ndadula ndi manja angawa," anatero Kumwembe. Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake anazisankha.

"Chabwino. Tikayezabe tikafika, mwa mwambo chabe."

Alendo atapita, Kumwembe anayamba nkhondo yake ya yekha. Anazula munda wakumunsi wonse n'kuwotcha. Anauza anthu kuti akufuna kuyesapo nyemba. Nyengo yotsatira mawanga aja anapezeka kumtunda. Kenaka alimi anayamba kubwera mmodzimmodzi, atakulunga chinangwa chodula m'kansalu, kudzafunsa kuti chachitika n'chiyani. Iye ankawauza kuti achedwa kukumba. Ena ankawauza kuti nthaka yawo yatopa. Pamsika anasiya kuyenda pang'onopang'ono. Anayamba kutuma ena kukagula tomato.

Kangapo konse anatenga foni kuti aimbire Mayi Alfazema. Kangapo konse anaibweza m'thumba. Poyamba chovuta chinali kunena kuti chinangwa chake chikudwala. Tsopano chovuta chinali kunena kuti ankadziwa kale, ndipo mwezi uliwonse umene unkadutsa unkawonjezera kulemera kwa mawuwo. Ankadzitonthoza kuti anthu aja ali ndi makina, ngati panali kanthu akanachipeza, ndipo popeza sananene kanthu ndiye kuti kwawo zili bwino. Munthu wophunzira akafuna kudzinamiza amadzinamiza mwaluso kuposa wina aliyense.

Tsiku lina foni inalira yokha. Anali Mayi Alfazema.

"Bambo Kumwembe, ngati n'kotheka bwerani msanga. Pali zoti muone ndi maso anu."

Anavala suti yake yabwino, anapukuta nsapato, n'kuwoloka malire. Ankayembekeza chimodzi mwa ziwiri, kulandiridwa ndi nyimbo kapena kulandiridwa ndi mlandu. Sanapeze chilichonse mwa izi. Kunalibe miyala yopaka laimu. Udzu unali wosatchetcha. Mayi Alfazema anamudikira pa geti atavala magambutsi ndi chitenje chakumunda, ndipo sanamulowetse n'komwe mu ofesi kuti amwe madzi. Anakwera naye galimoto n'kulunjika kumudzi wina wapafupi.

Kumeneko alimi anali atakhala m'mbali mwa munda, amuna uku, akazi uku. Pakati panali milu ya chinangwa chodulidwa pakati. Kumwembe sanafunike kuyandikira. Mawanga aja ankawadziwa ngati nkhope ya m'bale wake.

Mayi Alfazema anaima pafupi ndi mulu umodzi, manja atawagwira kutsogolo ngati munthu wopepesa pamaliro.

"Bambo, ichi ndi chinangwa chanu chija. Tinachichulukitsa, tinagawira midzi yonse ya kuno. Anthu anachikonda moti ambiri anazula chawo chakale. Chaka chino ndi izi mukuonazi. Mitengo yanu itafika tinaiyeza matenda onse amene timawadziwa kuno, sitinapeze kanthu. Ndiye tikuganiza kuti vutoli ndi la kwathu konkuno. Mwina linabisala m'chinangwa chathu chakale, ife osadziwa." Anapuma pang'ono, n'kupitiriza. "Ndachita manyazi, bambo. Munatipatsa ntchito ya moyo wanu, yawonongekera m'manja mwathu. Anzanga ena amati tisakuuzeni mpaka titapeza mankhwala ake. Ine ndakana. Ndati manyazi anga asaphetse alimi anu ndi njala. Ndakuitanani kuti muone, mukatchinjirize kwanu zisanafike. Ndipo mutikhululukire, lero mubwerera opanda kanthu m'manja. Ngakhale kamtengo kamodzi ka kuno kasawoloke."

Manyazi amene anamugwira Kumwembe sanali ngati a tsiku la alendo lija. Aja anali mantha chabe oopa kusekedwa. Awa anali enieni, oona munthu wosalakwa akupepesa mlandu wako.

Komabe tamverani mmene mtima wa munthu ulili. M'kati mwa manyazi omwewo anaona khomo lotseguka. Akanangogwedeza mutu mwachisoni, kumutonthoza mayiyo, n'kubwerera kwawo. Akanauza akuluakulu ake kuti matenda achokera tsidya lina, eni ake avomera okha. Alimi ake akanamumvera chisoni m'malo momukwiyira. Dzina lake likanatsala loyera. Palibe amene akanadziwa kupatula mkazi wake, ndipo mkaziyo sankatulutsa za m'nyumba.

Anali atayamba kale kulowa pa khomolo. "Musadandaule, mayi," anatero. "Zinthu ngati izi zimachitika..."

Mawu anathera pomwepo. Pafupi ndi mulu wachiwiri panali mayi wina wobereka mwana kumbuyo, amene sankamvetsera za akatswiriwo n'komwe. Iye anali pa ntchito. Ankatola chinangwa chodulidwa chija chimodzichimodzi, kusema mosamala mbali yoola ndi kampeni, n'kusunga m'beseni tizidutswa toyera totsalako, tina tating'ono ngati chala. Beseni linali lalikulu. Tizidutswato sitinkakwana n'kuphimba pansi pake.

Kumwembe anavula chipewa. Analankhula mokweza kuti amve onse, osati Mayi Alfazema okha.

"Mayi, musapepese. Matendawa si a kuno. Anabwera ndi mitolo imene ndinakupatsani ine. Ndinawaona m'munda mwanga inu musanafike. Tsiku lija munandifunsa chimene chikundisowetsa tulo, munda wodwalawo unali kuseri kwanu, ndinaumangira mpanda kuti musauone. Kwathu nakonso chinangwa chaola. Ndakhala ndikuuza alimi anga kuti achedwa kukumba."

Mwamuna wina anadzuka, n'kukhalanso pansi. Mayi Alfazema anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo Kumwembe akanakonda akanakalipa.

Pomaliza anati, "Bambo Kumwembe, makina athu aja si owombeza ula. Amapeza chimene tawatuma kukafuna. Matendawa kuno sitinkawadziwa, ndiye sitinawafune. Mukanangoti, mayi, mkati mukuchita mawanga, mawu okhawo, ife tikanadziwa poyang'ana. Mitengo ija sikanatuluka pa geti pathu. Tikanayamba nthawi yomweyo, inu ndi ife, kufunafuna mtundu wopirira."

Kumwembe anangoyang'ana nsapato zake zopukuta zija, zitadzaza fumbi.

Pamenepo mayi wa beseni uja anaika kampeni pansi. Anakonza mwana kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu, monga mmene mlimi amafunsira bwana.

"Pepani bambo, ndifunseko. Ndiye kuti inuyo mumadziwa?"

"Ndimadziwa, mayi."

"Nanga munaopa chiyani?"

Kumwembe anafunafuna yankho la munthu wophunzira, koma silinapezeke. "Ndinaopa manyazi," anatero.

Mayi uja anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wamvetsa. Anayang'ana m'beseni lake.

"Ife chathu chakale tinazula chonse. Chaka chino ndipita kwa achimwene a amuna anga kukapempha chakudya cha ana. Sitilankhulana bwino ndi anthu amenewo. Kumenekonso kuli manyazi, bambo. Koma ndipita."

Anatolanso kampeni kake n'kupitiriza kusema.

M'mawa mwake Mayi Alfazema anawoloka malire pamodzi ndi Kumwembe, atanyamula zotengera masamba ndi mizu. Kumwembe anaitanitsa alimi a kwawo n'kuwauza zomwe anauza a tsidya lina, ndipo ena anamutukwana pamaso. Ntchito yofunafuna chinangwa chopirira inayamba, ya anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo inatenga nyengo zambiri monga mmene ntchito yotere imatengera. Koma zokolola za chaka chimenecho palibe amene anazibweza. Mayi uja anapitadi kukapempha.

Tsopano inu amene mwakhala apa, ambiri mwa inu mudzatumidwa kukaimira dziko lino kwa akatswiri a maiko ena. Mudzakhala pa matebulo aatali, mudzasainirana mapangano ogawana nzeru, makina ndi zotsatira za kafukufuku. Mudzafuna kuti dziko lanu lioneke bwino, ndipo m'pomveka. Koma mgwirizano umene aliyense amangobweretsa zimene zamuyendera bwino si mgwirizano, ndi chionetsero chabe. Mnzanu wa tsidya lina sangakuthandizeni pa chimene mwamubisira, ndipo sangadziteteze kwa icho. Chimene chakukanikani, chimene simukuchimvetsa, chimene mwalakwitsa, chinenedwe msanga chikadali chaching'ono. Mudzachita manyazi, inde, ndipo adzakuwawani. Koma manyazi amene inu mwakana kusenza pamaso pa akatswiri anzanu sathera pomwepo. Adzawasenza munthu wina amene ku msonkhano wanuwo sanaitanidwe n'komwe.